Mapazi Asagone: Ndege Yopangira Pakhomo Ikamapatuka Ponyamuka

(NYIMBO YOTSEGULIRA. ITSIKE PANG'ONOPANG'ONO)

WOULUTSA: Nthawi yakwana ya pulogalamu yathu ya sayansi ndi luso la manja. Lero tili pa bwalo la ndege. Sitikukamba za zindege zikuluzikulu zonyamula anthu mazanamazana, ayi. Nkhani yathu ndi ya kandege ka mipando iwiri, kamene mwini wake wachita kupanga yekha m'garaja kuseri kwa nyumba. Pa ulendo wonse wa kandege kotere tikufuna tione kachigawo kochepetsetsa, masekondi 10 kapena 15, kuyambira pomwe woyendetsa wawonjezera moto mpaka pomwe matayala alekana ndi nthaka. Pa masekondi amenewa ndege imakonda kusiya njira n'kulowera kumbali. Chimaikokera kumbaliko n'chiyani? Nanga amaibweza bwanji?

Zoti munthu angapange ndege pakhomo si nthano. Ku America kuli bungwe la Experimental Aircraft Association, lomwe Paul Poberezny anayambitsa mu 1953 mumzinda wa Milwaukee, ndipo chaka ndi chaka anthu opanga okha ndege amasonkhana ku Oshkosh kukaonetsana ntchito za manja awo. Kampani ya Van's Aircraft ya ku Oregon, yomwe anayambitsa Richard VanGrunsven, imagulitsa zipangizo za ndege m'mabokosi kuti wogula akalumikize yekha, ndipo ndege zake zoposa 10,000 zinamalizidwa n'kuuluka. Kuno kummwera kwa Africa, ndege za Sling amazipangira ku Tedderfield pafupi ndi Johannesburg. Mu 2019 achinyamata a ku South Africa analumikiza Sling 4 n'kuuluka nayo kuchokera ku Cape Town mpaka ku Cairo.

Koma pali chiwerengero china chimene wopanga ndege aliyense ayenera kuchimva. Bungwe lofufuza ngozi ku America, la NTSB, linatulutsa kafukufuku mu 2012 wokhudza ngozi za ndege zoterezi m'chaka cha 2011. Mwa ndege 102 zomwe zinachita ngozi zili m'manja mwa amene anazipanga, 10 zinachita ngoziyo pa ulendo woyamba weniweni. Mwa ndege 125 zogulidwa kwa munthu wina, 14 zinachita ngozi pa ulendo woyamba wa mwini watsopanoyo. Zifukwa zinali zosiyanasiyana, zina za injini, zina za kulephera kuwongolera. Komabe zikuonetsa kuti nthawi yoopsa ndi ija munthu ndi ndege yake asanazolowerane, ndipo malo oyamba amene awiriwa amayesana mphamvu ndi pa msewu wonyamukira.

(NYIMBO PANG'ONO)

WOULUTSA: Tiyerekeze kuti mwakhala pampando wa woyendetsa, mwayang'ana kutsogolo. Pa injini zambiri za ndege zimenezi, monga Lycoming, Continental ndi Rotax 912, pulopela imazungulira motsata mivi ya wotchi mukamaiona muli pampandopo. Mfundo imeneyi muisunge, chifukwa zonse zikubwerazi zatsamira pomwepo.

Injini ikamapotokola pulopela kumanja, pulopelayo imabwezera, imapotokola ndege yonse kumanzere. Ndege ili pansi singapendekere kumbali, ndiye mphamvu ija imathera pa tayala lakumanzere. Tayalalo limakanikizika, limakhula pansi kuposa linzake, ndipo mphuno imatsata komweko. Pa udzu wautali kapena pa dothi lofewa zimamveka kwambiri.

Pamwamba pa zimenezo pali mphepo ya pulopela. Mphepo imeneyi sipita m'mbuyo molunjika. Imapita ikuzungulira thupi la ndege, ndipo ikafika kumchira imamenya chipsepse choimirira cha kumchirako mbali yake yakumanzere. Mchira ukakankhidwira kumanja, mphuno imalowera kumanzere. Moto uli wonse, liwiro likadali lochepa, apa ndi pamene mphepo yozungulirayi imavuta zedi.

Mphuno ikaloza m'mwamba pamabwera china. Tsamba la pulopela limene likutsika, lomwe lili kumanja, limaluma mpweya wambiri kuposa limene likukwera kumanzere. Mbali yakumanja ikakoka kwambiri, mphuno ikhoteranso kumanzere. Oyendetsa ndege amati P-factor.

Chotsalacho n'cha ndege zokhala ndi katayala kumchira. Chinthu cholemera chikamazungulira mwaliwiro, mukachikankha kuti chipendeke sichipendekera komwe mwachikankhirako. Chimayankhira pambali, madigiri 90 kutsata komwe chikuzungulirira. Woyendetsa akamatukula mchira ndiye kuti akuweramitsa pulopela kutsogolo, ndipo yankho lake limakhala mphuno kuthawira kumanzere. Akautukula pang'onopang'ono, mphuno imapatuka pang'onopang'ono. Akaudzutsa mwadzidzidzi, nayo imathawa mwadzidzidzi.

Mwaona kuti mphamvu zonsezi zagwirizana chimodzi. Palibe ikutsutsa inzake, zonse zikuti kumanzere. Tsono ndege ikakhala pansi siwongoleredwa ndi manja. Kumapazi kwa woyendetsa kuli zopondera ziwiri, zolumikizidwa ndi mawaya achitsulo ku rudder, yomwe ndi mbali yogwedezeka ya chipsepse chakumchira chija. Mukaponda chakumanja mphuno imapita kumanja. Ndiye chifukwa chake mlangizi aliyense wa ndege amatha mawu n'kukumbutsa ophunzira ake za phazi lamanja.

Apa pali msampha wa opanga okha ndege, ndipo ndikupempha mutchere khutu. Ena amaika injini zochokera ku galimoto ya Volkswagen, monga AeroVee yomwe imaikidwa pa ndege za Sonex. Pa injini zotere pulopela imazungulira mosemphana ndi mivi ya wotchi. Ndi mmene zililinso ndi injini ya Gipsy Major pa ndege yakale ya ku Britain yotchedwa Tiger Moth. Zonse tafotokoza zija zimatembenuka: ndege imathawira kumanja, ndipo lofunika ndi phazi lamanzere. Munthu amene anaphunzirira pa Cessna 172 phazi lake lamanja limaponda lokha asanaganize n'komwe. Akakwera ndege ya injini ya Volkswagen, phazi lomwelo limathandizira ndegeyo kutuluka mumsewu. Choncho musanalize injini koyamba, imani patsogolo pa pulopela, muone mmene masamba ake apendekera, mudziwe komwe izungulirire mukadzaiona muli pampando.

(NYIMBO PANG'ONO)

WOULUTSA: Tsopano za matayala. Ndege zina zili ndi tayala kutsogolo pansi pa mphuno, zina zili ndi katayala kumchira. Kampani ya Van's imapanga mitundu yonse iwiri: RV-6 ili ndi katayala kumchira, RV-6A ili ndi tayala kumphuno. M'mwamba zimauluka mofanana, koma pansi khalidwe lake n'losiyana kutalitali.

Aliyense amene anagwirapo wilibala yodzaza mchenga akudziwa kusiyanaku. Mukaikoka ili kumbuyo kwanu imangotsatira, chifukwa katundu ali patsogolo, tayala likubwera m'mbuyo. Mukaikankha, tayala lili patsogolo, katundu m'mbuyo, ndiye muyenera kuiwongola phazi lililonse, apo ayi ikhota. Ndege ya tayala lakumphuno ili ngati wilibala yokoka: kulemera kwake kuli patsogolo pa matayala aakulu, ndipo ikapatuka pang'ono imayesa kudziwongola yokha. Ya katayala kumchira kulemera kwake kuli m'mbuyo mwa matayala aakulu. Ikangoyamba kukhota, kulemera kuja kumafuna kupitirira molunjika, kumakankhira mchira kunja, kukhota kumakula, ndipo kukakula kumakankhanso kwambiri. Mukachedwa, mchira umabwera kutsogolo, ndege imazungulira pamalo amodzi, nsonga ya phiko imakhula pansi, nthawi zina mwendo wa tayala n'kuthyoka. Imeneyi ndiyo amati ground loop. Munthu amatha kutuluka wosavulala, koma ntchito ya zaka zambiri yawonongeka pa mphindi yosakwana imodzi.

Tawerengerani nthawi yomwe woyendetsa ali nayo. Ndege ikamathamanga makilomita 72 pa ola, ndiye kuti ikudutsa mamita 20 pa sekondi iliyonse. Mphuno ikapatuka madigiri 10 okha, ndegeyo ikusunthira kumbali mamita atatu ndi theka pa sekondi. Ngati msewu wonyamukira ndi wa mamita 20 m'lifupi, kuchokera pakati kufika m'mphepete pali mamita 10. Masekondi atatu sakwana, matayala ali m'thengo. Palibe mpata woti munthu aone, aganize, asankhe, kenako aponde. Phazi liyenera kukhala litayamba kale ntchito.

Nanga amachita bwanji amene amadziwa? Amayamba ndege isanasunthe. Amaiimika pa mzere woyera wapakati pa msewu, n'kuiyendetsa kutsogolo mamita ochepa kuti katayala kakumchira kapena tayala lakumphuno liwongoke. Zidendene amazitsitsa pansi, chifukwa pa ndege zambiri mabuleki ali kumtunda kwa zopondera zomwezija, ndipo phazi likakwera limagwira mabuleki mwini wake osadziwa. Maso amaponya kutali, kumapeto kwa msewu, pa mtengo kapena phiri lomwe lili molunjika. Woyang'ana pafupi ndi mphuno amazindikira kupatuka kutakula kale, pomwe woyang'ana kutali amakuona kukungoyamba.

Moto amawonjezera mosalala, mosathamanga, pa masekondi angapo. Wokankha moto wonse kamodzi amaitana mphamvu zonse zija nthawi imodzi, rudder isanapeze mphepo yokwanira kugwira ntchito. Dzanja likamapita kutsogolo ndi moto, phazi lamanja nalo likulowa, limodzi, osadikira kuti mphuno iyambe yapatuka. Pa ndege ya katayala kumchira, ndodo yowongolera imakhala m'mbuyo poyamba kuti katayalako kagwire nthaka, pakuti liwiro likadali lochepa ndi komweko kamene kakuwongolera. Liwiro likakwera, mchira autukule mofatsa, phazi lili tcheru.

Pamene ambiri amagwa ndi apa. Mphuno yapita kumanzere. Woyendetsa wachedwa kuona, wadzidzimuka, waponda kumanja mwamphamvu n'kugwiritsitsa pomwepo mpaka mphuno ifike pakati. Koma ndege ndi yolemera, ikayamba kutembenuka siima chifukwa choti phazi lachoka. Imapitirira pakati paja, ilowera kumanja. Iye aponda kumanzere, mwamphamvu kuposa poyamba, n'kuchedwanso kuchotsa. Tsopano ndege ikuyenda mokhotakhota, ndipo kukhota kulikonse kukuposa kwam'mbuyo. Kachitatu kapena kachinayi, yatuluka.

Njira yake ndi kuponda msanga, pang'ono, n'kubweza phazi mphuno isanafike pakati. Cholinga choyamba si kubwerera pa mzere woyera ayi. Cholinga choyamba ndi kuletsa kutembenukako. Mphuno ikaima, ndege ikuyenda molunjika, ngakhale ili mamita awiri kumbali kwa mzere, zili bwino. Pitirizani molunjika momwemo, kapena bwererani pakati mwapang'onopang'ono ngati malo alipo. Ine ndimaona kuti mzere woyera uja wapweteketsa anthu ambiri amene ankaufunitsitsa, chifukwa pofuna kuubwerera msanga amakhotetsa ndege kachiwiri, liwiro litakwera kale. Ndipo kumbukirani kuti liwiro likamakwera rudder imamva msanga. Kuponda kumene kunali koyenera poyamba kumakhala kopyola muyeso pakatha masekondi asanu.

Pali ndege zina, monga za Van's za tayala lakumphuno, zomwe tayala lakutsogololo silinalumikizidwe ku zopondera, limangotsata komwe ndege ikupita. Pa zimenezi, liwiro likadali lochepa kwambiri, kugunda pang'ono mabuleki a mbali imodzi kumathandiza. Koma rudder ikangoyamba kumva, mapazi achoke pa mabuleki.

(NYIMBO PANG'ONO)

WOULUTSA: Sitinakambe za mphepo yachilengedwe. Mphepo ikamaomba chopingasa msewu imachita zinthu ziwiri, ndipo chilichonse chili ndi mankhwala ake. Imamenya mchira, n'kutembenuzira mphuno komwe mphepoyo ikuchokera. Imeneyo ndi ntchito ya mapazi. Imalowanso pansi pa phiko la mbali yomwe ikuchokera, kulitukula, n'kumakankhira ndege yonse chammbali. Imeneyo ndi ntchito ya dzanja: ndodo ipendekere komwe mphepo ikuchokera, yonse poyamba, kenako muziibweza pang'onopang'ono liwiro likamakwera. Wozolowera galimoto amafuna kukhotetsa ndege ndi ndodo ngati chiwongolero. Pansi ndodo sikhotetsa mphuno. Imangosunga phiko kuti lisadzuke.

Mphepo yoipitsitsa kwa ndege ya pulopela yotsata mivi ya wotchi ndi yochokera kumanzere, chifukwa imagwirizana ndi injini kukokera mphuno mbali imodzi. Phazi lamanja likhoza kufika pansi, rudder yatha, mphuno ikupitabe. Ndiye pa tsiku lomwe mphepo yapingasa ndendende ndipo mukhoza kunyamukira mbali iliyonse ya msewu, sankhani mbali yoti mphepo ichokere kumanja.

Kuwerengera kwake n'kosavuta. Mphepo ya makilomita 20 pa ola ikabwera madigiri 30 kuchokera kutsogolo, yopingasa ndi theka, makilomita 10. Pa madigiri 45 ndi pafupifupi 14. Pa madigiri 60 yafika 17, ndipo pamenepo ingoitengani ngati yonse. Ndege ya kufakitale imabwera ndi buku lonena mphepo yopingasa imene akatswiri anaiyesera. Ndege yomwe mwapanga nokha, malire ake mudzawapeza ndinu, ndipo muyenera kuwafufuza pang'onopang'ono, kuyambira tsiku lopanda mphepo.

Tsono si nthawi zonse pamene wolakwa ndi woyendetsa kapena mphepo. Pa ndege yopangira pakhomo, kawirikawiri vuto linalowa m'garaja momwemo. Matayala aakulu akhoza kukhala osaloza kumodzi, lina lapotokera mkati, lina kunja, ndipo pa ndege ya katayala kumchira kupotoka kochepa kumaisandutsa yaliuma. Mabuleki a mbali imodzi akhoza kumagwira okha. Tayala lina likhoza kukhala ndi mpweya wochepa. Masipuling'i opita ku katayala kakumchira akhoza kukhala olekerera, moti mukaponda kamayankha mochedwa. Rudder ikhoza kumafika patali mbali imodzi kuposa inzake. Ndipo choopsa kuposa zonse, mawaya akhoza kulumikizidwa mopingasa, moti kuponda kumanja kukupititsa rudder kumanzere. Zoterezi zimaonekera ndege ili chiimire. Munthu mmodzi akhale pampando aziponda, wina aime kumbuyo azinena mokweza komwe rudder yapita. Kenako ikankheni ndi manja pa simenti yosalala, injini ili yozima, muone ngati ikuyenda molunjika. Ikakhota popanda injini, musayembekeze kuti ikawongoka ndi moto wonse.

Mwini ndege nayenso afunika kumuunika. Kupanga ndege kumatenga zaka, ndipo pa zaka zimenezo ambiri ndalama ndi nthawi zimathera pa zitsulo, kuuluka amayamba aleka. Manja amakhala akuthwa, mapazi atagona. Ku America, kawirikawiri ndege yatsopano yotere imayesedwa maola 40, kapena 25 ngati injini ndi pulopela zake n'zovomerezeka kale, isananyamule munthu wongokwera. Koma maola amenewo ndi oyesa ndege, si ophunzirira kuponda. Kuphunzira kuchitike kale, ndi mlangizi, pa ndege ya mtundu womwewo kapena yofanana nayo. Ndipo palibe manyazi kupempha woyendetsa wozolowera mtunduwo kuti aulutse ulendo woyamba. Amene anaipanga amaikonda kwambiri ndegeyo, ndipo chikondi chimenecho chimamuchedwetsa kusiya zinthu zikayamba kulakwika.

Kusiyako ndi luso palokha. Musananyamuke dziuzeni kuti tayala likafika pakutipakuti, kapena mphuno ikakhota kawiri, ndibweza moto. Mukabweza, dziwani kuti mphamvu zokokera kumanzere zija zizimirira nthawi yomweyo, ndiye phazi lamanja likakhalabe pansi ndege ithawira kumanja. Mphepo ya pulopela pa rudder nayo ichepa. Choncho mapazi apitirize ntchito, mchira utsike, ndodo ibwere m'mbuyo, mabuleki agwire mofanana, mpaka ndege itaima nji. Chimene simuyenera kuchita ndi kuikoka kuti iuluke liwiro lisanakwane pofuna kuthawa m'mphepete mwa msewu. Ndege yotukulidwa mokakamiza imabwerera pansi, ndipo imabwerera ikuyenda chammbali.

Ikanyamuka bwino, musafulumire kupumitsa phazi. Pokwera, mphuno ili m'mwamba, moto uli wonse, liwiro ndi lochepa, ndiye P-factor ndi mphepo ya pulopela zikadali pa ntchito. Kutsogolo kwa woyendetsa kuli kachubu kagalasi kokhota, mkati mwake muli kampira kakang'ono. Kampirako kakathawira kumanja, pondani kumanja mpaka kabwerere pakati. Ngati kuli mphepo yopingasa, matayala atangosiya nthaka lolani mphuno itembenukire pang'ono komwe mphepo ikuchokera, mapiko akhale osapendekeka, kuti njira ya ndege ipitirire molunjika pamwamba pa msewu womwe mwanyamukirawo.

Nthawi yathu yathera pomwepa. Sabata yamawa tidzaona mbali inayo, ya kutera mphepo ikupingasa.

(NYIMBO YOTSEKERA)